Nsonga ya Lamba wa a Murowa

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda a Fakisoni Murowa, munthu amene ankalowa pansi pa damu la esiteti yathu ya tiyi. Palibe wakumbukira. Ndinapita ku ofesi kukafunsa ngati alipo angandiperekeze kukalambula pamanda, ndipo kalaliki amene ndinamupeza anandifunsa kuti a Murowawo anali a dipatimenti iti. Ndinangovala chipewa changa n'kutuluka. Ndikanayankha ndikanatukwana, chonsecho ndine mkulu wa mpingo.

Ine ndinali wa pampu. Ntchito yanga inali kuyatsa ndi kuzimitsa injini yokoka madzi m'damu kupita ku fakitale ndi ku nazale, kumene amalera mbande za tiyi. Paipi ya injiniyo imayambira pansi penipeni pa damu, ndipo kukamwa kwake kuli sefa yachitsulo. Sefayo ikatsekeka ndi matope, masamba a bulugamu kapena chipika, injini imangolira yopanda madzi, ndiye pamafunika munthu woti atsike akachotse zinyalalazo ndi manja. Munthuyo anali a Murowa. Ine ndinkatsala pakhoma la damu nditagwira chingwe chimene ankamanga pachifuwa pawo. Chingwe chimenecho ndinachigwira zaka zoposa makumi awiri, choncho zimene ndikunenazi si zakumva ayi. Dzina langa lenileni sankalitchula. Kwa iwo ndinali a Pampu basi, ndipo ine ndinkawaitana kuti madala poti anandisiya ndi zaka khumi ndi zingapo.

Anali munthu wamfupi, wa chifuwa chachikulu ndi timiyendo towonda, moti akavala suti yawo yakuda ya labala amayi othyola tiyi ankaseka mobisa nkhope m'madengu. Anabadwira m'malayini, nyumba za antchito zija, makolo awo atachokera ku Mozambique. Zolowa m'madzi anaphunzira kwa injiniya wina wachizungu amene ankayang'anira madamu kale, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira zida zonse. Masilinda a mpweya ankapita ku Blantyre pa lole ya tiyi kukadzazidwa. Akabwera, a Murowa ankatsegula pang'ono n'kununkhiza mpweyawo ngati munthu wogula fodya.

Anthu ankachita chidwi ndi galasi la kumaso ndi nsapato zazitali zija zonga mapazi a bakha. Eni ake mtima wawo unali pa lamba. Suti ya labala imayandamitsa munthu, ndiye kuti atsike amayenera kuvala zolemera m'chiuno. A Murowa anali ndi lamba wa nsalu yolimba wolowetsamo zidutswa za mtovu, zimene iwo ankangoti miyala. Miyalayo anaiumba okha posungunula mtovu wa mabatire akale a thirakitala m'chitini cha nsomba, n'kukaiyeza umodziumodzi pa sikelo yoyezera tiyi, mzere wa amayi ukudikira, kalaliki akung'ung'udza. Wolemerapo pang'ono ankaupala ndi tupa mpaka ufanane ndi inzake.

Kukonza lambayo inali ntchito ya ola lathunthu, ngakhale pansi pa madzi mwina akakhalako mphindi makumi awiri zokha. Ankayala chiguduli pakhonde la nyumba ya pampu, n'kutambasula lamba yense, n'kuyendetsa zala kuyambira ku chotsekera mpaka kunsonga. Kenako miyala: itatu chiuno chakumanja, itatu chakumanzere, pamsana ayi, poti pamenepo pamakhala silinda. M'nyengo yozizira, akavala jekete ina m'kati mwa suti, ankawonjeza umodzi uku, umodzi uku. Ankati munthu wopendekera amagwira ntchito ndi dzanja limodzi, linalo likulimbana ndi madzi. Akatha apo ankavala suti, kenako silinda ndi malamba ake: awiri a m'mapewa, wa pamimba, ndi wina wodutsa pakati pa miyendo. Lamba wa miyala ankabwera komaliza, pamwamba pa zonse, kuti pasakhale china chomupanikiza. Chotsekera chake chinkatsegukira ku dzanja lamanja. Nsonga yotsala inkangolendewera, kutalika kwake chikhatho chimodzi, yosapinda, yopanda mfundo, yosalowetsa paliponse.

Ngakhale atavala zonse sankangodziponya. Ankatsika masitepe mpaka pomwe mapazi sakufika pansi, n'kukoka mpweya wodzaza chifuwa. Madzi akafika m'maso n'kuima pomwepo, ndiye kuti miyala yakwana. Akamira mutu wonse, kapena chibwano chikatsala kunja, ankatuluka, n'kukayambiranso pa chiguduli. Ife oonerera tinkachita kuyasamula.

Chifukwa cha nsonga ija anandiuza tsiku langa loyamba, ndipo anandiuzanso kosawerengeka. Zinthu zikavuta pansi, umangotukula chotsekera ndi chala, nsonga imapulumuka yokha, miyala imagwa, iwe n'kuyandama. Ankati zonse zimene munthu wavala polowa m'madzi azimange zolimba, kupatula chomulemeracho. Chimenecho achimange podziwa kuti mwina achitaya. Kwa ife zimenezi zinali zachilendo. Ife kuno chinthu timachimanga kuti chisagwe, kaya ndi mwana kumbuyo, dengu la tiyi, kapena thumba la chimanga pa njinga. Mfundo imodzi sitiikhulupirira, timabwereza kawiri.

Pa lambayo anayambana ndi anthu ambiri. Kapitawo wina anamunyamula kuti amve kulemera kwake, n'kumuika pansi miyala itasuntha. A Murowa anavula zonse, mpaka suti, n'kuyambiranso pachiyambi, fakitale ili chiimire, kapitawoyo thukuta lili kamukamu. Manijala wina atawauza kuti afulumire, anamufunsa mwaulemu wonse ngati angakonde kutsika iyeyo, poti suti inali yomukwana. Ine anandikalipirapo mpaka mbalame kuthawa m'mabulugamu, chifukwa chokulunga chingwe padzanja. Ankati dzanja langa likakodwa, omira akhala awiri, ndipo iwo alibe nthawi yovuula munthu wopanda nzeru.

Amene anawadziwa atakalamba amawakumbukira ngati munthu wouma mtima, wogontha khutu limodzi, wodya yekha. Ankaitanidwa kumadamu ena ndi kumitsinje kukavuula anthu omira. Abale a malemuwo ankawathokoza ndi manja awiri, koma powapatsa chakudya ankawaikira paokha. Ena ankati ali ndi mankhwala opumira m'madzi, ndipo iwo sankatsutsa. Akaweruka ankakhala pakhonde la pampu, khutu lakumva ataloza ku damu, logonthalo ataloza kwa anthu.

Koma ine ndinawapeza ali ndi banja, makutu onse akumva, ndipo ankaseka. Akazi awo anali mayi Esinati, a ku Makwasa, a mpingo wa Sabata, munthu wosalankhulalankhula. Anali ndi mwana mmodzi, Rute. Masiku amenewo a Murowa akatuluka m'madzi ankayamba kufunsa ngati nyumba yawo ikufuka utsi, asanafunse n'komwe ngati injini yayamba kukoka. Mayi Esinati anali ndi makina osokera opukusa ndi dzanja, ndipo amayi onse a m'malayini ankapita kwa iwo malamba a madengu akaduka. Kasokedwe kawo kanali kodziwika: kupinda katatu, kudutsa kawiri ndi ulusi wa nayiloni. Dengu linkatha, lamba wosokedwa ndi mayi Esinati n'kutsala.

Chaka changa chachitatu pa pampu, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa linawotcha mpaka tiyi kufiira m'mphepete. Injini inayamba kulira yopanda madzi, ndipo mbande za ku nazale zinagwetsa makosi. Masiku omwewo akalipentala ankasintha malata pa nyumba ya pampu, choncho a Murowa anatengera zida zawo kunyumba, chinthu chimene sankachita. Lamba anamukoloweka pa nthambi ya mtengo wa mapeyala kuseri, ali chitsekere ngati nkhata, nsonga itadutsa m'chotsekera. Nsongayo inali itayamba kutha, ulusi ukuyoyoka. Nthawi zonse ankaiwotcha ndi mpeni wamoto kuti ilimbe, koma ulendo uno anati achita mawa.

Mayi Esinati anaiona poyanika zovala. Anachita chimene mkazi aliyense wosamala akanachita. Anatsitsa lambayo, anatulutsa makina, anapinda katatu, anadutsa kawiri, n'kumubwezera pa nthambi. Sanawauze amuna awo, monga momwe sankawauzira akawasokera chigamba pa buluku. Ankafuna aone okha.

M'mawa mwake manijala wa nthawi imeneyo anabwera yekha ndi galimoto kumalayini, akuliza hutala. A Murowa anavalira pakhoma la damu, bwanayo ataima pambali akuyang'ana wotchi. Chiguduli sichinayalidwe. Lamba sanamutambasule. Anangolowamo miyendo ngati kabudula, n'kumukoka ndi dzanja la magolovesi mpaka kuthina. Ine nsongayo ndinaiona. Ndiyenera kunena zimenezi poti palibenso wina angazinene. Ndinaona kuti yapindidwa bwinobwino, ndinadziwa kuti siyenera kutero, koma ndinaopa kuoneka wodziwa zinthu pamaso pa bwana, ndipo ndinadziuza kuti eni ake aiona kale. Ndinatseka pakamwa n'kugwira chingwe.

Pansi anapeza chipika chitapingasa pa sefa. Analimbana nacho nthawi yaitali, miyendo ikulowa m'matope mpaka m'maondo, kufikira mpweya unayamba kuvuta kukoka. Anatukula chotsekera. Lamba anayenda pang'ono n'kuima, popinda paja patakakamira. M'malo mogwa, anatsetsereka n'kukawamanga m'ntchafu pamodzi ndi miyala yake yonse.

Tinali ndi zizindikiro zathu. Akakoka chingwe kamodzi ndiye kuti ali bwino, akakoka kambirimbiri ndiye kuti ndiwatulutse. Chingwe chinagwedezeka m'manja mwanga mofulumira, kenako chinangoti zii. Ndinakoka, osasuntha. Ndinakuwa. Anthu amene ankathyola tiyi pafupi, ndi ena amene anabwera kudzaonera monga mwa masiku onse, anathamanga n'kugwira chingwe kumbuyo kwanga, abambo ndi amayi omwe. Matope anawasiya a Murowa mochedwa. Anatuluka chagada, galasi la kumaso litadzaza magazi, lamba ali m'maondo.

Tinawagoneka chammbali, anasanza madzi, anayamba kupuma. Mayi Esinati anali pomwepo, atanyamula bakuli la chinangwa ndi nandolo zoti amuna awo adye akatuluka. A Murowa atadzuka n'kukhala tsonga, anakoka lamba uja n'kuyang'ana nsonga. Sipanafunike kufunsa. Amayi onse amene anaima pamenepo anali ndi kasokedwe komweko pamapewa pawo. Koma anafunsabe.

"Wasoka apa ndani?"

"Ndine, abambo ake Rute. Ndinaona ulusi ukutha, nde ndinati..."

"Nde munati ndikafere pansipo? Mwandisokera kuti ndisatuluke? Bwanji osangondithirira mankhwala a makoswe m'ndiwo, ndifere pamphasa ngati munthu?" Anatembenukira ku gulu. "Anthuni, mwaona nokha. Mzimayi uyu amafuna kundipha."

Mayi Esinati anaika bakuli pansi pang'onopang'ono, anakonza chitenje, n'kumapita.

Ndakhala m'malayini moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa kuti mawu otere akatuluka pagulu sabwerera okha. A Murowa anagona masiku asanu ndi awiri kuchipatala ku boma, khutu lamanzere litaphulika, ndipo silinamvenso. Pamene ankatuluka, nkhani inali itakula kale. Ena ankati mayiyo ali ndi chibwenzi ku fakitale. Ena ankati ulusiwo unali wokhwimira. Amayi amene ankadya nawo m'mbale imodzi anatenga malezala n'kuchotsa ulusi wawo pa madengu. Mayi Esinati akafika pa mjigo, anthu ankasiya kucheza n'kumaitana ana awo. Munthu kulakwa chifukwa chosoka bwino! Zimandiwawa mpaka lero.

Mayi Esinati anapirira mwezi. Kenako kunabwera mlongo wawo wa mayiyo, amene analinso nkhoswe ya banjalo, anamanga makina pa njinga, n'kutenga mlongo wake ndi Rute. Sanakalipe. Ananena ine ndili pomwepo kuti akufuna chinthu chimodzi chokha: a Murowa abweze mawu awo pagulu, anthu amve kuti mlongo wake si wakupha. Akatero, mkazi wawo abwerera tsiku lomwelo.

Chinthu chimodzi chokhacho chinawakanika zaka zonsezi.

Sikuti sankafuna. Ulendo woyamba anavala jekete n'kupita mpaka ku Makwasa kuti akatenge nkhoswe ija, n'kubwerako madzulo akuti apeza anthu onse ali kutchalitchi. Linali Loweruka. Munthu wakhala ndi mkazi wa Sabata zaka khumi ndi ziwiri, lero waiwala kuti Loweruka amapemphera! Ulendo wina anakafika ku Thyolo boma, anagula shuga ndi sopo, n'kuona kuti kumwamba kwada, n'kubwerera. Shugayo tinamwera tiyi pa pampu. Rute atakula n'kukwatiwa, a Murowa anangotumiza mbuzi, iwo n'kutsala, akuti sefa ikhoza kutsekeka iwo kulibe.

Tsiku lina, Rute akadali pasukulu, ndinatopa nazo.

"Madala, inu mumatsika mumdima momwe ife sitingayerekeze n'komwe. Nde kuimirira pagulu n'kunena mawu awiri mukuopa chani?"

"A Pampu, ntchito yanu ndi injini."

"Injini ilibe mwana amene akukula akumva kuti mayi ake ndi mfiti."

Anandiyang'ana, n'kutembenuzira kwa ine khutu logontha lija. Miyezi iwiri tinkalankhulana ndi chingwe chokha: kamodzi ali bwino, kawiri ndiwatsitsire sipanala. Ndinawakwiyira kwambiri, koma chingwe sindinachipatse wina, ndipo iwonso sanapemphe wina.

Zoona zake anandiuza chaka chomaliza asanapume pantchito. Inali nthawi ya nkhomaliro, tsiku lopanda zolowa m'madzi, koma iwo anali atayala chiguduli, akusuntha miyala uku ndi uku ngati pali kumene akupita.

"A Pampu," anatero osandiyang'ana, "lamba amayang'ana ndi wolowa m'madzi. Osati wotsala kunyumba."

"Nde mukudziwa?"

"Ndinadziwa ndisanatuluke n'komwe. Tsiku lija sindinayale chiguduli. Mayi aja anangoona chinthu chikutha, n'kukonza. Akanadziwa bwanji? Inu za nsonga ndinakuuzani mpaka kutopa nazo. Iwo olo kamodzi."

"Nanga mawu aja munanenera chani?"

"Mantha, amwene. Ndinatuluka ndikunjenjemera, nditadziipitsira m'suti ngati khanda, esiteti yonse ikundiona. Ndinafuna maso aja achoke pa ine apite kwa wina. Amene anali pafupi anali iwowo."

Apa m'pamene ndikanati, madala, inenso nsonga ija ndinaiona. M'malo mwake ndinawauza kuti akanene zimenezi kumene zikufunika, ndipo anati achita mvula ikatha.

Atapuma pantchito analibe mudzi wopitako, poti kwawo kunali m'malayini momwemo. Esiteti inawalola kukhala m'kachipinda ka kuseri kwa pampu ngati mlonda. Masilinda awo anakanidwa ku Blantyre kuti akalamba, ndipo sefa ikatsekeka kunkabwera anthu a kampani ina ya m'tauni, ovala majekete odzaza mpweya, miyala yawo ili m'matumba a jeketemo. A Murowa ankawazungulira, manja ali kumbuyo, akupukusa mutu.

"Nanga zikavuta pansi mumataya bwanji?" a Murowa anamufunsa mmodzi wa iwo.

"Timangokoka apa, abambo. Yesani muone."

Anakoka. Miyala inagwa pa simenti. Anaiyang'ana, anati bola, n'kuwerama kumutolera munthuyo. Anacheza naye mpaka galimoto kunyamuka, ndipo itapita anaima pamsewu nthawi yaitali. Lamba wawo ankamutambasulabe m'mawa uliwonse, ngakhale kunalibenso madzi oti alowemo. Ndikapita kukawaona, poti inenso ndinali nditapuma, ndinkawapeza akudya okha mbatata yowotcha, wailesi ikulira kukhutu lakumva lija.

Chifuwa chinawagwira chaka chatha kutangoyamba kuzizira. Ndinawaperekeza kuchipatala ku boma. Tsiku lachitatu anandikoka malaya kuti ndiwerame.

"Mupite ku Makwasa. Mukawauze amake Rute kuti mawu aja ndabweza."

"Muchire kaye, madala, tipitire limodzi."

"A Pampu, zaka zonsezi simunandibisirepo kanthu. Musayambe lero."

Ndinayang'ana pansi. Anamwalira m'mawa mwake. Pamaliro tinalipo ochepa, moti nyimbo inkasowa woilandira. Rute anabwera, analira monga mwana amalirira bambo ake, n'kubwerera tsiku lomwelo. Mayi ake sanabwere, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Patatha masabata atatu ndinakwera minibasi ya ku Makwasa. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba, tsitsi lonse litayera. Sanakwatiwenso. Anandizindikira ndisanadzitchule.

"Alamu a pampu. Mwakalambatu."

Ndinapereka uthenga monga ndinaulandirira, n'kuwonjezapo zimene amuna awo anandiuza pakhonde paja. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja osasiya nyemba.

"Zikomo, mwayenda. Koma alamu, mawu aja sananenedwe pakhonde pano ayi. Ananenedwa pa damu, anthu atadzaza. Ngati mwatumidwa kubweza, mukabwezere komweko. Ine ndibwera Lachiwiri."

Ndinayenda masiku anayi kufunafuna amene analipo tsiku lija. Malayini akale anagwetsedwa, pamalopo anadzala mitengo ya makademiya. Othyola tiyi a masiku ano ambiri ndi aganyu, amabwera ndi mvula n'kupita ndi mvula. Akale aja ochuluka ali kumanda. Ndinapeza mayi mmodzi wokalamba ku Luchenza, mmodzi mwa amene anachotsa ulusi pa dengu. Anati miyendo ikuwawa, komanso zakalezo tizisiye. Bambo wina anati abwera ndithu, koma sanabwere.

Lachiwiri mayi Esinati anatsika pa njinga ya kabaza atavala zoyera ngati akupita kutchalitchi. Anayenda okha mpaka pakhoma la damu, n'kuima pamene anaima tsiku lija. Anayang'ana uku ndi uku. Panali ine basi.

Ndinadziona wopusa, koma ndinakweza mawu monga ndimachitira polengeza kutchalitchi. Ndinati ine ndatumidwa ndi malemu a Fakisoni Murowa kudzanena kuti mawu amene ananena pano anali abodza. Mayi Esinati sanafune kupha munthu. Anasoka lamba chifukwa chosamala amuna awo, ndipo wolakwa anali mwini lamba amene sanamuyang'ane. Ndinapuma, n'kuwonjeza zimene sanandituma: kuti inenso nsongayo ndinaiona asanalowe m'madzi, ndipo ndinakhala chete tsiku limenelo ndi zaka zonse zotsatira.

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Wamva ndani, alamu?"

"Ine ndi inu, mayi."

"Ine ndinkadziwa kale. Inunso munkadziwa kale."

Sanalire. Anakonza mpango kumutu, anandithokoza chifukwa chovutika, n'kubwerera kumene wa kabaza ankawadikira.

Dzulo ndinapitanso ku damu. Nyumba ya pampu ili ndi loko watsopano, ndipo m'kati muli injini yamagetsi yosafuna munthu. Kachipinda ka kuseri kalibe chitseko. Mavu amanga kudenga, pansi pali ndowe za mbuzi, ndipo miyala ya lamba ija inapita kalekale ndi ogula zitsulo zakutha. Masitepe otsikira m'madzi amera ndere. Pakhoma udzu wafika m'chiuno, kupatula kanjira ka owedza nsomba. Ndinapezapo bambo wina, mlendo kuno, ataponya mbedza, ndipo pocheza anandiuza kuti malo amenewa anthu amawatchula kuti Pa Anasoka. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati kale kunali mzimayi wina amene anasokerera mwamuna wake m'zovala zolowera m'madzi, ndipo mwamunayo anafera pansi pomwepa.

Ndinakhala pansi n'kumufotokozera zonse kuyambira pachiyambi, n'kutchula ndi mayina omwe. Anangoti, "Oho, n'choncho eti," maso ali pa mbedza yake.